Kasinja wa Pacikhato

Palibe mudzi umene ana ace sadziwa kuumba. Anyamata oweta ng'ombe akakhala kudambo amatapa dongo naumba ting'ombe, ndipo amene ali ndi luso saiwala linunda, nyanga, ngakhale kapendekedwe ka mutu wa ng'ombe ya atate wace. Anzao a m'matauni amapinda mawaya napanga magalimoto okhala ndi ciongolero. Mwa ana onsewo, amene amatamidwa ndi uja amene anayamba wayang'anitsitsa cinthu ceniceni asanagwire dongo kapena waya.

M'maiko ambiri muli anthu akuluakulu, ena a imvi zao, amene amatha miyezi alikupanga kasinja wamng'ono wokwana pacikhato, wofanana ndi kasinja weniweni wa nkhondo kufikira pa mabauti ace. Munthu woonera patali angayese kuti ndi masewera cabe. Koma mbiri ya nchitoyi isonyeza kuti inayamba monga nkhani ya moyo ndi imfa, ndi kuti lamulo lace lalikulu kuyambira kale ndi limodzi, lakuti cifanizo cisaname.

CIFANIZO CINATSOGOLA

M'caka ca 1912, nkhondo yaikulu yoyamba isanabuke, mmisiri wina wa ku Australia, dzina lace Lancelot de Mole, anatumiza kwa akulu a nkhondo ku London zojambula za galimoto yacitsulo yoyenda pa maunyolo, yokhoza kuoloka maenje. Akuluwo sanazisamale. Pofuna kuti amkhulupirire, de Mole anapangitsa kacifanizo ka galimoto yaceyo m'caka ca 1917, nalowa usilikali, napita nako ku England. Koma anapeza nchito itagwiridwa kale ndi ena. M'caka ca 1919 bwalo loona za mphotho za amisiri linabvomera kuti maganizo ace anali anzeru ndithu, koma linangombwezera mapaundi 987 amene anaononga. Kacifanizo kaja kasungidwa ku Canberra, ndipo ndiko mboni ya nzeru zace.

Amene analandira mphotho yaikulu, mapaundi 15,000, anali William Tritton ndi Walter Wilson, amene anapanga akasinja oyamba m'mzinda wa Lincoln. Iwonso anayamba ndi cifanizo. Mu September 1915 anaonetsa akulu a boma kasinja wamatabwa, wa msinkhu weniweni, kuti aone maonekedwe ace citsulo cisanadulidwe. Pofuna kubisira azondi a Ajeremani, anacha makinawo dzina la thanki yosungiramo madzi. Pa 15 September 1916 akasinja analowa m'nkhondo nthawi yoyamba pafupi ndi mudzi wa Flers m'dziko la France. Cotero tsiku limene dziko linaona kasinja weniweni, zifanizo zace zinali zitakhalapo kale.

ZIFANIZO ZOPULUMUTSA MOYO

Pa nkhondo yaikulu yaciwiri panaoneka bvuto latsopano. M'fumbi ndi m'utsi, kasinja wa adani ndi kasinja wa abale amaoneka cimodzimodzi. Msilikali wogwira mzinga anali ndi kamphindi kocepa kuti asankhe kuombera kapena kuleka, ndipo akalakwa anapha anzace kapena kuphedwa iye mwini. Cifukwa ca ici magulu a nkhondo anayamba kuphunzitsa asilikali ndi tizifanizo. Ku America mafakitale anaumba tiakasinja tacitsulo, tina tocepetsedwa ka 36. Nzeru yace inali iyi: kacifanizo kotere kakaikidwa pa mtunda wa mamita 10, kamaoneka monga kasinja weniweni ali pa mamita 360. Wophunzira anazolowera kuzindikira kapangidwe ka nsanja yozungulira ija imene inyamula mzinga, kuwerenga magudumu, ndi kuona kutalika kwa mzingawo. M'caka ca 1942 boma lomwelo linapempha ana a sukulu kusema tindege tamatabwa 500,000 tocepetsedwa ka 72, ndipo oyesa anakana kalikonse kamene kanaphonya muyeso. Kacifanizo kolakwika kakanaphunzitsa msilikali bodza limene likanamphetsa.

Nkhondo yomweyo inaonanso zifanizo zopangidwa dala kuti ziname. Mu October 1942, nkhondo ya El Alamein m'dziko la Egypt iri pafupi, Angelezi anaimika kumwera akasinja abodza a nsalu ndi makwata a kanjedza, ndipo akasinja enieni anawabisa kumpoto atawabveka zophimba zooneka ngati malole. Adani anayang'ana kolakwika. Zonsezi zionetsa kuti cifanizo ciri ndi mphamvu: cikhoza kutsegula maso a munthu, cikhozanso kuwatseka.

KUFIKA KWA PULASITIKI

Nkhondo itatha, nchitoyi inacoka m'manja mwa asilikali niilowa m'nyumba za anthu wamba. Cimene cinathandiza ndi pulasitiki. Amisiri amasema cikombole cacitsulo, monga cikombole ca njerwa koma cosalala kopambana, ndipo makina amapanikiziramo pulasitiki wosungunuka. Akazizira, tizigawo tonse timatuluka tiri tolumikizika ku timitengo, monga zipatso pa nthambi. Wogula amatidula natimata yekha. Kampani ya Airfix ku England inayamba ndi thirakitala ya Ferguson m'caka ca 1949, ndipo m'caka ca 1961 inatulutsa akasinja a Sherman, Churchill ndi Panther ocepetsedwa ka 76, amene mwana wa sukulu anakhoza kugula ndi timakobiri tace.

Koma muyeso umene unadzalamulira dziko lonse unacokera ku Japan. M'caka ca 1946 Yoshio Tamiya anatsegula malo ocekera matabwa ku Shizuoka, ndipo pambuyo pace anayamba kugulitsa zifanizo zamatabwa. Pulasitiki atalanda malonda, banjalo linayesa ngalawa yankhondo ya Yamato m'caka ca 1960, koma sinagulidwe bwino. Mwana wace, Shunsaku Tamiya, anasankha kasinja wa Ajeremani wochedwa Panther, popeza mbali zace ndi zoongoka, zosabvuta kusema m'cikombole. Kasinjayo anali ndi kainjini kamagetsi, ndipo ukulu wace anaupima kuti mabatire awiri akwanemo. Malonda atayenda bwino, Shunsaku anafuna kupanga akasinja a maiko ena a msinkhu wolingana. Anayesa Panther uja napeza kuti anali pafupifupi gawo limodzi la magawo 35 a kasinja weniweni. Umo ndi m'mene unabadwira muyeso wa 1/35, umene makampani a ku Japan, China, Korea, Italy ndi kwina akugwiritsabe nchito. Sunacokere m'nzeru zakuya za masamu ai, koma m'kukula kwa mabatire awiri.

Panther woyambayo anali coseweretsa, wosalongosoka kwenikweni, ndipo Shunsaku sanakhutire. Anayamba kuyenda maulendo atali ali ndi kamera ndi tepi yoyesera. Anapita ku Aberdeen m'cigawo ca Maryland ku America, kumene panthawiyo kunali kusungidwa akasinja ogwidwa pa nkhondo, ndi ku Bovington m'dziko la England. Kumeneko anali kukwawa pansi pa akasinja, kujambula ndi kuyesa mbali zimene munthu woimirira saziona. Pamene anafuna kupanga akasinja a Soviet Union, anapita ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Tokyo kukapempha zithunzi. Anamkaniza, ndipo apolisi a dziko lace lomwe anamfunsa cimene anakacita kumeneko. Iye sanaleke. Itatha nkhondo ya 1967 anapita ku Israel, kumene anaona ndi maso akasinja otere amene anagwidwa pa nkhondoyo. Akale anati safunsa anadya phula. Munthu uyu anafunsa kufikira anapeza.

Anthu ena awiri anasintha maonekedwe a nchitoyi. Kufikira nthawi imeneyo opanga ambiri anali kusiya akasinja ao ali mbee, monga ocokera kumene m'fakitale. M'zaka za m'ma 1970 Sheperd Paine wa ku Chicago anapangira kampani ya Monogram zionetsero za akasinja ali m'matope, asilikali alikudya kapena kukonza unyolo, ndipo zithunzi zace zinaikidwa m'mabokosi pamodzi ndi malangizo. M'caka ca 1980 anatulutsa buku lophunzitsa luso limeneli. Ku Belgium François Verlinden anachukitsa njira zopakira utoto zoonetsa mithunzi ndi kutha kwa citsulo. Kuyambira pamenepo kacifanizo kanaleka kukhala cithunzi ca makina okha, nikakhala nkhani ya tsiku lina ndi malo ena.

KUPANGA KASINJA WAMAKONO

Kasinja wa M1 Abrams wa ku America asonyeza bwino m'mene nchitoyi ikucitikira masiku ano. Anamucha dzina la kazembe wa nkhondo Creighton Abrams, ndipo analowa m'gulu la nkhondo m'caka ca 1980. Amapangidwa ku Lima m'cigawo ca Ohio. Mitundu yace yatsopano imalemera matani opitirira 60. M'litali, pamodzi ndi mzinga, ali mamita 9.77, m'lifupi mamita 3.66, ndipo msinkhu wace ndi mamita 2.44. Zonsezi zikagawidwa ndi 35, kasinjayo amakhala wa masentimita 28 m'litali, 10.5 m'lifupi ndi 7 m'mwamba. Kamwa ya mzinga wa mamilimita 120 imasanduka kaboo ka mamilimita 3.4. Msilikali wa msinkhu wa mamita 1.75 amakhala kamunthu ka masentimita 5. Wopanga akaphonya ndi milimita imodzi yokha, ndiye kuti pa kasinja weniweni waphonya ndi mamilimita 35.

Wopanga wanzeru sayamba ndi mpeni. Amayamba ndi funso lakuti, Abrams uti, wa caka citi, ali kuti? Pakuti kasinjayu wasinthidwa kambiri. Woyamba anali ndi mzinga wa mamilimita 105. M1A1, amene anayamba kupangidwa m'caka ca 1985, ali ndi mzinga wa mamilimita 120 wocokera ku nzeru za kampani ya Rheinmetall ya ku Germany. M1A2 wa 1992 ali ndi cida cozungulira pamwamba pa nsanja cimene mtsogoleri amaonera naco usiku. Pa M1A1 pamalo pomwepo pali cibvundikiro cabe. Maunyolo akale anali ndi mphira wooneka ngati cilembo V, pamene atsopano ali ndi zidutswa za mphira za ngodya zinai zimene zikatha amazicotsa naikapo zina. Munthu amene aika unyolo watsopano pa kasinja wa 1980 wanena bodza, ngakhale nchito yace ikongole motani. N'cifukwa cace opanga ambiri amasankha cithunzi cimodzi ca kasinja mmodzi, nacipacika pakhoma, nacitsata monga mboni.

Atatero amayamba ndi thupi la pansi. Mbali iriyonse ili ndi magudumu 7 oyendera, lirilonse lamapasa, ndi gudumu lamano kumbuyo limene limakoka unyolo. Kacigawo kalikonse kakadulidwa pa kamtengo kace kamatsala ndi cipsera, ndi kamzera kosonyeza pamene mbali ziwiri za cikombole zinakomana. Zipsera zimenezi ziyenera kupalidwa ndi kampeni ndi kukhulidwa ndi tupa, popeza kasinja weniweni alibe. Unyolo wa mbali imodzi uli ndi mfundo zopitirira 70. M'mabokosi akale unyolo unali lamba mmodzi wofewa. M'mabokosi ena amakono mfundo iriyonse iri ndi tizigawo tace, kotero kuti bokosi limodzi likhoza kukhala ndi tizigawo topitirira 1,000. Apa mpamene mwambi uja umakwanira, wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pulasitiki ali ndi malire ace. Citsulo copyapyala ca mamilimita 3.5 ciyenera kukhala gawo limodzi la magawo khumi a milimita, ndipo cikombole sicikhoza kuumba cinthu cotero. Cifukwa cace amisiri amagwiritsa nchito timapepala ta mkuwa tozokotedwa ndi mankhwala, timene wopanga amatipinda ndi kambaniro kuti apange ukonde wa dengu la katundu kumbuyo kwa nsanja. Zogwirira amazipanga ndi waya woonda. Mzinga wapulasitiki kawirikawiri umabwera m'mbali ziwiri zomata, ndipo msoko wace ubvuta kubisa. Ambiri amagula mzinga wa aluminiyamu wosemedwa pa makina. Mizera ya pamene zitsulo zinaocherera amaionetsa ndi kaulusi kapulasitiki kofewetsedwa ndi guluu, kodindidwa ndi nsonga ya mpeni. Pamwamba pa Abrams pali utoto wokhakhala woletsa asilikali kuterereka. Mabokosi oyamba analibe cinthu cimeneci, ndipo opanga anaphunzira kucionjezera okha. M'zaka zaposacedwa makina osindikiza zinthu zogwirika athandiza kupanga tizigawo tating'ono kopambana.

Utoto nawo uli ndi mbiri yace. Abrams wa ku Germany kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anali ndi mawanga obiriwira, ofiirira ndi akuda. Wa ku nkhondo ya ku Kuwait ndi Iraq m'caka ca 1991 anali wa mtundu wa mcenga. Wopanga amathira utoto woyamba, kenaka utoto weniweni woonjezeramo kuyera pang'ono, pakuti cinthu cacing'ono cimaoneka cakuda kuposa cacikulu. Pambuyo pace amathira utoto wakuda wosungunula kwambiri umene umatsikira m'ming'alu nuonetsa mabauti, ndipo amamwaza ufa wa mtundu wa dothi m'magudumu. Ciyeso cacikulu ciri pamenepa. Dzimbiri limakongoletsa kacifanizo, ndipo ambiri amalicurukitsa. Koma kasinja amene ali pa nchito amasamalidwa ndi eni ace tsiku ndi tsiku. Cimene cimamkuta ndi fumbi, madontho a mafuta, ndi kuda kwa zitsulo za kumbuyo kumene injini yace ya mphamvu za akavalo 1,500 imatulutsira mpweya wotentha. Wopanga woona amaleka dzanja pamene cithunzi calekera.

ZIMENE TIZIGAWO TIMANENA

Munthu amene atsata coonadi cotere amapeza kuti kacigawo kalikonse kali ndi cifukwa cace. Pambali pa nsanja ya Abrams wa 2003 pali zikwangwani zooneka ngati mazenera a timatabwa topendeka. Pa Abrams wa 1991 palibe; pali cilembo V cozondoka cojambulidwa ndi utoto. Kusiyana kumeneku kunagulidwa ndi mwazi. Mwa asilikali a America 148 amene anafa pomenyana m'caka ca 1991, 35 anaphedwa ndi anzao molakwitsa, ndipo cimodzi mwa zifukwa zace cinali cakuti cilembo cautoto sicioneka bwino usiku m'zida zoonera kutentha. Zikwangwani zija zinapangidwa kuti zioneke zozizira m'zida zoterozo, kuti woombera adziwe kuti uyu ndi mbale. Bvuto lija limene linabala tiakasinja tacitsulo ta nkhondo yaciwiri linali lisanathe.

Padenga la nsanja, cakumbuyo, pali zitseko zafulati zomangidwa ndi mabauti. Pansi pace ndi pamene pakhala zipolopolo za mzinga, zolekanitsidwa ndi anthu ndi citseko cacitsulo cokhuthala. Zipolopolozo zikagwira moto, zitseko za padenga zimauluka, moto nutulukira kumwamba m'malo molowa kwa asilikali. Wopanga amene amata tizitseko timeneti ali kumata nzeru yopulumutsa anthu anai: mtsogoleri, woombera, wolonga zipolopolo, ndi woyendetsa amene amakhala cogona kutsogolo.

Ziriponso zimene kacifanizo sikangathe kuonetsa. Zitsulo zochinjiriza Abrams ziri ndi zosanjikiza m'kati zimene boma limabisa. Kuyambira m'caka ca 1988 akasinja ena anaonjezeredwa citsulo colemera ca uranium, koma kunja amaoneka pafupifupi cimodzimodzi ndi anzao. Apa wopanga amangotsata khungu, ndipo wanzeru amadziwa kuti nzeru zace zalekera pomwepo.

Kasinja wamakono sakhalanso m'maonekedwe amodzi nthawi yaitali. M'caka ca 2023 dziko la America linapereka akasinja a Abrams 31 ku Ukraine. Kumeneko anakomana ndi mdani amene amisiri a 1980 sanamuganizire, ndiye tindege tating'ono topanda woyendetsa tonyamula mabomba, togwera kuchokera kumwamba kumene citsulo ciri copyapyala. Ena mwa akasinjawo anaonongeka m'caka ca 2024, ndipo mmodzi anaonetsedwa poyera ku Moscow. Asilikali anayamba kuocherera makola acitsulo pamwamba pa nsanja ndi kumangirira mabokosi ophulika ochinjiriza m'mbali. Makola otere sapangidwa mofanana, ndipo kasinja akaonongeka kapena kusinthidwa, maonekedwe ace a mwezi umenewo amatha. Zimene zimatsala ndi zithunzi, ndi nchito ya anthu amene anaziyang'anitsitsa naziumba m'muyeso woona.

Shunsaku Tamiya anamwalira m'caka ca 2025 ali ndi zaka 90. Anasiya muyeso umene unayamba mwangozi, ndi mwambo umene sunayambe mwangozi, wa kupita kukaona, kukayesa, ndi kusaonjezera cimene palibe. Mwambo umenewu ndi womwewo umene wolemba mbiri ayenera kusunga. Kasinja wa pacikhato ndi wokongola, koma akale anacenjeza za cikomekome ca mkuyu kuti m'kati muli nyerere. Wopanga amene waphunzira cifukwa ca zikwangwani za pambali, zitseko za padenga ndi makola a pamwamba, sangayesenso nkhondo masewera. Pamene amata kamunthu ka masentimita 5 pa citseko ca nsanja, adziwa kuti kaimira mwana wa munthu wina, amene kwao analikumdikira kuti abwere.